Zimene Banki Imafuna Kuona Isanabwereketse Bizinesi Ndalama

Pali dandaulo limodzi losasowa paliponse pamene amalonda a m'dziko muno akumana: mabanki athu sabwereketsa. Amati banki imalandira ndalama zathu ndi manja awiri, koma tsiku lomwe tapita kukapempha ngongole imatiuza kuti tibwere ndi mapepala a nyumba ya ku Area 47 kapena ku Namiwawa. Dandauloli lili ndi maziko ndipo sindilipeputsa. Komabe mfundo yomwe ndikufuna kuimapo lero ndi yakuti mabizinesi ambiri obwezedwa pakhomo la banki amabwezedwa chifukwa banki yalephera kuona zomwe zili m'kati mwawo. Ena mwa mabizinesiwa amapanga phindu labwino ndithu, koma phindulo limadziwika ndi mwini wake yekha. Munthu amene amatsegula zenera kuti banki isuzumire ndi mkulu woyang'anira zachuma amene wakhalitsa pa ntchitoyi, ndipo kampani yomwe ili naye imalowa m'banki ndi mphamvu zomwe inzake ilibe, ngakhale zonse ziwiri zitamagulitsa katundu wofanana pa msika umodzi.

Umboni woyamba uli kumudzi kwathu komwe. Banki m'khonde imabwereketsa ndalama popanda chikalata cha malo, popanda fomu, popanda loya, ndipo magulu ambiri amafika kumapeto kwa chaka n'kugawana bwinobwino. Chinsinsi chake n'chakuti amayi a m'gulumo amaonana tsiku ndi tsiku. Akudziwa amene wakolola bwino, amene mandasi ake akuyenda, amene mwamuna wake wayamba kumwa. Kudziwanako ndiye chikole chawo. Wakatapila naye amabwereketsa msanga, koma poti amapereka ndalama kwa aliyense wofika ndi mavuto, amadziteteza ndi chiwongoladzanja cholusa komanso kulanda katundu. Banki ili pakati pa awiriwa. Singamudziwe munthu monga amadziwirana a m'khonde, ndipo malamulo sailola kuchita za katapila. Chomwe yatsala nacho ndi mapepala, ndipo pomwe mapepala akusowa kapena akukayikitsa, imathawira ku chikole cha nyumba. Tikamva banki ikuumirira nyumba, kawirikawiri ikutiuza kuti palibe china chomwe yaona choti n'kugwira.

Tiyeni tikhale kaye pa mpando wa ofesala wa ngongole. Ndalama zomwe akubwereketsa ndi za mphunzitsi wa ku Dedza, namwino wa ku Mzimba, thumba la penshoni la ogwira ntchito m'makampani, ndipo eni akewo akhoza kuzifuna mawa lomwe. Pamwamba pake pali Reserve Bank of Malawi, yomwe mu 2014 idayamba kuyendetsa mabanki motsatira ndondomeko ya Basel II, yofuna kuti banki isunge mpamba wake wokwanira molingana ndi kuopsa kwa ngongole zomwe yapereka. Kuyambira mu 2018, lamulo la kalembedwe ka mabuku lotchedwa IFRS 9 limafuna kuti banki iyikiretu padera ndalama zoyembekezera kutayika kuyambira tsiku lomwe yapereka ngongole, wobwereka asanaphonye ngakhale mwezi umodzi. Ngongole ikadutsa masiku 90 osabwezedwa imalembedwa m'gulu la ngongole zoipa, ndipo zimenezi zimadya phindu la banki. Onjezani apo kuti ofesalayu ali ndi kasitomala wina wamkulu wosavuta, ndiye boma. Mu 2024 boma linkabwereka kwa chaka chimodzi pa chiwongoladzanja choposa 20 peresenti, ndipo pobwereketsa boma banki siyendera sitolo ya munthu kapena kuwerenga matumba m'nkhokwe. Choncho pempho lanu likafika pa desiki, likupikisana ndi boma la Malawi. Kuti lipambane liyenera kuyankha mafunso onse lisanafunsidwe.

Funso lalikulu pa onsewo ndi lakuti ndalama zobwezera zichokera kuti, ndipo zifika liti. Apa ndi pomwe mwini bizinesi ndi banki amalankhula zinenero ziwiri. Mwini wake amanena za phindu: ndimagula pa mtengo uwu, ndimagulitsa pa mtengo uwo, chotsala ndi changa. Banki imafunsa za ndalama zenizeni zolowa mu akaunti, chifukwa ngongole sibwezedwa ndi invoisi yosalipiridwa. Kontilakita amene wamanga midadada ya sukulu akhoza kukhala ndi phindu lokongola m'mabuku pomwe malipiro ake akhala miyezi isanu ndi itatu akudikira siginecha. Chuma chathunso chimatsata mvula ya kamodzi pa chaka. Ndalama zimayenda misika ya fodya ikatsegulidwa ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu cha mu Epulo, zimayenda pogula soya, mtedza ndi chimanga, kenaka zimauma kuyambira Januwale mpaka Malichi. Wogulitsa zipangizo zaulimi amafuna ndalama zambiri mvula isanagwe, wogula mbewu amazifuna pokolola. Mkulu wa zachuma wodziwa ntchito amalemba kalowedwe ndi katulukidwe ka ndalama mwezi ndi mwezi, n'kuonetsa poyera miyezi yomwe kampani idzakhala yothina, kenaka n'kupempha kuti ndondomeko yobwezera itsate nyengozo. Ambiri amaopa kuonetsa banki miyezi yovutayi poganiza kuti awaona ngati ofooka. Ofesala wa ngongole amadziwa kale kuti Febuluwale ndi mwezi wotani m'dziko muno, ndipo pepala loonetsa malonda okwera mofanana miyezi yonse khumi ndi iwiri limamuuza kuti wolembayo mwina sadziwa bizinesi yake, mwina akubisa kanthu.

Pali ngongole zambiri zokanidwa chifukwa chopempha mtundu wolakwika. Munthu akufuna lole yomwe idzagwire ntchito zaka zisanu, koma akupempha ovadirafiti yomwe banki imaunikanso chaka ndi chaka ndipo ikhoza kuiitanitsa nthawi iliyonse. Wina akufuna ndalama za miyezi inayi yokha zogulira mtedza, koma akupempha ngongole ya zaka zitatu yomwe azidzalipirabe mtedzawo utagulitsidwa kalekale. Amene wakhalitsa pa zachuma amadziwa kuti banki ili ndi makomo angapo. Lole kapena makina a chigayo angathe kugulidwa ndi ngongole yomwe chikole chake ndi katundu yemweyo. Invoisi yopita ku kampani yaikulu yodalirika ingathe kusinthidwa ndi ndalama lero, banki n'kudzatenga zake kampaniyo ikalipira. Woitanitsa katundu kunja angathe kupempha kalata ya banki yotsimikizira wogulitsayo kuti adzalipidwa, osagwira ndalamayo m'manja. Mbewu zosungidwa m'nkhokwe yovomerezeka, monga za bungwe la ACE, zimakhala ndi risiti yomwe ingakhale chikole. Kugogoda pa khomo loyenera kumachepetsa mantha a banki, pakuti imaona kumene ndalama ikupita ndi njira yomwe idzabwerere.

Nditchulepo chifukwa chake ndikulimbikira pa mawu akuti wokhalitsa. Digiri ya akauntingi imaphunzitsa kulemba mabuku molondola, ndipo zimenezo n'zofunika. Chomwe digiri siphunzitsa ndi kununkhiza ngozi ikadali kutali. Ndalama ya kwacha idagwa ndi pafupifupi theka mu Meyi 2012, idagwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe dola imodzi idachoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Kampani yomwe idatenga katundu wa madola 100,000 pa ngongole kwa wogulitsa wa ku Johannesburg kapena ku Dubai idagona ili ndi ngongole ya K118 miliyoni n'kudzuka ili ndi ya K170 miliyoni, katunduyo mwina itagulitsa kale pa mitengo yakale. Munthu amene adadutsa m'zaka zimenezi ali pa desiki la zachuma sangapite ku banki ndi pepala limodzi lodzaza chiyembekezo. Amanyamula lina loonetsa zomwe zingachitike kwacha itagwanso, chiwongoladzanja chitakwera, kapena kasitomala wamkulu atachedwa miyezi itatu, ndipo amaonetsa kuti ngakhale zitatero ngongole ibwezedwa, kapena amanena pomwe pangafunike kukambirananso. Komiti ya ngongole ku banki imachita masamu omwewa ili yokha m'chipinda. Ikapeza kuti wopemphayo adawachita kale, ndipo manambala ake sakusiyana kwambiri ndi awo, imadziwa kuti ikukambirana ndi munthu amene sadzadzidzimuka.

Tsopano ndifike pa nkhani yomwe sitikonda kuikamba pagulu. Mabizinesi athu ambiri, ngakhale aakulu ndithu, alibe mpanda pakati pa thumba la kampani ndi thumba la banja. Maliro akagwa ndalama imachoka m'kabati ya sitolo, fizi ya ana imachokanso momwemo, makasitomala amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba ya foni ya abwana, ndipo gawo lalikulu la malonda silifika n'komwe mu akaunti ya kampani. Ena amasunga mabuku awiri, owonda opita ku MRA ndi onenepa opita ku banki. Kuthandiza abale si mlandu, ndipo palibe Mmalawi angaleke kutero. Vuto n'lakuti banki imakhulupirira sitetimenti ya akaunti kuposa mawu a munthu aliyense, ndipo ikapempha chikalata chosonyeza kuti msonkho udalipidwa, mabuku awiri aja amakumana pa desiki limodzi n'kuyamba kutsutsana. Amene amabisa malonda kuti achepetse msonkho wa chaka chino amadzichepetseranso yekha ngongole yomwe akadapeza chaka chamawa. Ntchito yovuta kwambiri ya mkulu wa zachuma ili pamenepa, ndipo si ya masamu ayi. Ayenera kuuza mwini kampani, amene amamulipira, kuti alandire malipiro okhazikika pamwezi ngati wantchito aliyense, kuti ndalama zonse zizidutsa ku banki, kuti mabuku aziunikidwa ndi maodita a kunja kwa kampani. Mnyamata wongotuluka kumene ku koleji sangayerekeze kuuza abwana zimenezi. Amene angathe ndi munthu wa msinkhu pa ntchito, makamaka membala wa ICAM, bungwe la maakauntanti m'dziko muno, amene akudziwa kuti akasaina zabodza dzina lake ndi chiphaso chake zili pa chiswe. Banki nayo imadziwa kuti munthu wotere ali ndi chotaya, n'chifukwa chake siginecha yake imalemera.

Wina anena kuti zonsezi n'zokometsera chabe, pamapeto pake banki idzafunabe nyumba. N'zoona kuti mabanki athu amakonda chikole cha malo ndi nyumba za m'tauni, ndipo n'zoonanso kuti malo ambiri m'dziko muno ndi a makolo, opanda chikalata chomwe banki ingalandire. Sindikunena kuti mabuku abwino amachotsa chikole. Koma taonani zinthu ziwiri. Banki sifuna nyumba yanu. Kugulitsa nyumba ya wolephera kubweza kumadutsa m'makhothi, m'ziletso, mwa maloya, ndipo kumatha zaka ngongoleyo ili m'gulu la zoipa. Chikole ndi khomo lothawira moto, ndipo palibe amene amalowa m'nyumba chifukwa chakuti khomo lothawira moto ndi lalikulu. Anthu ambiri okhala ndi nyumba zabwino adakanidwapo ngongole chifukwa sadathe kuonetsa kochokera ndalama zobwezera. Chinanso n'chakuti malamulo adasintha. Lamulo la Personal Property Security Act la 2013 limalola kuti katundu wosunthika, monga magalimoto, makina, ziweto, katundu wa m'sitolo ngakhalenso ngongole zomwe ena ali nazo kwa inu, akhale chikole cholembetsedwa m'kaundula wa boma. Mwayiwu ulipo, koma umafuna kaundula wa katundu wa kampani, manambala a makina, inshuwalansi, kuwerenga katundu pafupipafupi, ndi mndandanda wa okongola wosonyeza kuti aliyense wakhala nthawi yaitali bwanji. Kampani yopanda munthu wosunga zimenezi ili ndi chikole chomwe singathe kuchionetsa.

Wina anenanso motsitsa mawu kuti kuno ngongole imatuluka ndi kudziwana, kuti amene amadya nkhomaliro ndi akuluakulu safunsidwa mapepala. Sindingakane kuti zoterezi zidachitikapo, chifukwa mbiri yake ili poyera. Malawi Savings Bank, yomwe idali ya boma, idagulitsidwa ku FDH mu 2015 ili ndi ngongole zosabwezedwa za pafupifupi K6 biliyoni, zomwe boma lidazisenza pogwiritsa ntchito misonkho yathu. Koma nkhani imeneyi ikuchitira umboni mbali yanga. Banki yobwereketsa mwa nkhope idathera pomwepo, ndipo mabanki otsalawo, omwe angapo mwa iwo monga National Bank of Malawi, Standard Bank, NBS ndi FDH ali pa msika wa masheya ndipo amayankha kwa eni masheya chaka ndi chaka, sangayende njira imeneyo nthawi yaitali. Masiku ano manijala wa nthambi sapereka yekha ngongole yaikulu. Pempho limapita ku komiti ya ku likulu, ya anthu omwe sadakuonenipo, ndipo mbiri yanu ya ngongole amaipeza ku mabungwe osunga mbiri za obwereka, omwe adakhazikitsidwa potsatira lamulo la 2010. Mnzanu wa ku nthambi angakuthandizeni kuti fayilo iyende msanga, koma m'chipinda cha komiti fayiloyo imalankhula yokha. Pali kudziwana kwina kwabwino komwe sindikutsutsa: kwa mkulu wa zachuma amene mabanki amudziwa kwa zaka zambiri kuti akanena tsiku lolipira amalipiradi.

Chotsutsa cholimba kuposa zonse ndi cha mtengo wa ngongole. Reserve Bank idakweza chiwongoladzanja chake chachikulu kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024, ndipo bizinesi yaing'ono yobwereka ku banki inkalipira kuposa apo. Tiyerekeze ngongole ya K100 miliyoni pa 30 peresenti: chiwongoladzanja chokha ndi K2.5 miliyoni mwezi uliwonse, musanabweze ngakhale tambala imodzi ya ngongole yeniyeniyo. Ndi mabizinesi angati oona mtima omwe angapirire zimenezi? Palibe akauntanti, kaya akhale waluso chotani, amene angatsitse chiwongoladzanja cha dziko, ndipo vuto limeneli mankhwala ake ali ku Capital Hill, pa kabwerekedwe ka boma ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Koma ndi pa nthawi ngati imeneyi pomwe mutu wozizira umafunika kwambiri. Walira mvula walira matope, ndipo mkulu wa zachuma wabwino nthawi zina amauza abwana ake kuti asabwereke konse, atolere kaye ndalama zomwe zili kwa okongola, agulitse katundu yemwe wagona m'shelefu, apemphe wogulitsa kuti awonjezere masiku olipirira. Nthawi zina amachepetsa pempho kufika pa theka, kapena kufupikitsa nthawi yake kuti chiwongoladzanja chisadye phindu lonse. Amadziwanso komwe kuli ndalama zotsikirako mtengo: pulojekiti ya FInES ya madola 86 miliyoni yomwe World Bank idavomereza mu 2020 kuti idutse ku Reserve Bank, bungwe la MAIIC, kapena Export Development Fund kwa otumiza katundu kunja. Dziwani kuti makomo amenewa amafunsa mapepala ochuluka kuposa a banki wamba. Ndalama zotsika mtengo zimapita kwa amene mabuku ake ali m'malo.

Pa nkhani yakuti bizinesi yaing'ono singakwanitse kulipira mkulu wa zachuma wokhalitsa, ndikuvomereza mwachangu. Mayi wogulitsa tomato pa Lizulu safunikira mkulu wa zachuma, ndipo banki m'khonde kapena SACCO imamukwanira. Amene ndikuwanena ndi a pakati: kampani ya malole asanu, chigayo chachikulu chopakira ufa, sukulu yapulaiveti, famu ya nkhuku, kontilakita wa antchito makumi atatu. Otere sakakamizidwa kulemba munthu wa tsiku ndi tsiku. Angathe kugwirizana ndi akauntanti wokhalitsa woti azibwera masiku awiri kapena atatu pamwezi, kuunika zomwe kalaliki walemba, kukonza malipoti ndi kupita nawo ku banki. Chofunika n'chakuti ayambe chaka chathunthu ngongole isanafunike, chifukwa banki imafuna kuona sitetimenti za miyezi yambiri ndi mabuku a zaka zam'mbuyo, ndipo zimenezi sizingapangidwe sabata imodzi. Palinso chenjezo. Akauntanti woitanidwa usiku kuti adzakongoletse manambala si amene ndikumuyamikira pano. Chikomekome cha mkuyu chimaululika banki ikangoyika mabukuwo pambali pa sitetimenti, ndipo kampani yogwidwa kamodzi imavutika kukhulupiriridwanso.

Ntchito ya mkulu wa zachuma sithera pa tsiku losaina. Kalata ya ngongole imakhala ndi zofunika kutsata zomwe eni mabizinesi ambiri sawerenga: kutumiza malipoti pa nthawi yake, kusabwereka kwina popanda chilolezo, kusunga inshuwalansi ya chikole, kudutsitsa malonda mu akaunti ya banki yomweyo. Kuphwanya chimodzi mwa izi kungapatse banki ufulu woitanitsa ngongole yonse ngakhale mukulipira bwino. Ndipo zinthu zikayamba kuvuta, pali kusiyana kwakukulu pakati pa wobwereka amene amazima foni ndi amene amafika ku banki sabata zingapo tsiku lolipira lisanakwane, ali ndi manambala m'manja, n'kunena kuti mwezi wamawa sitikwanitsa, chifukwa chake ndi ichi, ndipo tikupempha kuti ndondomeko isinthe motere. Banki ili ndi chifukwa chake chomvera munthu wotere, pakuti nayo sifuna kuti ngongoleyo ifike pa masiku 90 aja. Mu Epulo 2020, mliri wa Covid-19 utafika, Reserve Bank ndi mabanki adagwirizana zopereka mpata wa miyezi itatu woimitsa kubweza ngongole kwa okhudzidwa. Mpatawo sunkagwera aliyense wokha ayi: wobwereka ankayenera kupita ku banki yake, kukapempha, ndi kuonetsa momwe mliriwo wakhudzira malonda ake poyerekeza ndi miyezi yam'mbuyo.